Maina a ana amene tikulemba pa mphatso zopangidwa ndi manja: matanthauzo ndi kalembedwe kake



Nyengo ya ubatizo wa ana ikayandikira, kapena Khrisimasi ikafika, amai a m'magulu a mipingo yathu kuno ku Kafue amakhala ndi nchito yambiri. Ena amapeta maina pa mashawelo ndi matawulo, ena amaluka tizisote ndi mabulangeti. Acinyamata amatunga mikanda ya zilembo kupanga zibangili, ndipo akalipentala amasema dzina pa kathabwa kopacika pa citseko. Ambiri mwa iwo akhala akutifunsa kuti maina amene makolo akupatsa ana masiku ano ndi ati, atanthauza ciani, ndipo alembedwa bwanji. Tasonkhanitsa pano zimene timaona m'mabuku a ubatizo ndi m'ndandanda wa ana a Sande Sukulu, kuti wopanga mphatso ndi wogula akhale ndi poyambira.

Cimene catifulumizitsa ndi ici. Tinaona mai wina atatha masabata awiri akupeta shawelo yoyera ya mwana wa mnansi wake. Nchito inali yokongola, koma analemba Cholwe pamene banjalo limalemba Choolwe. Make mwana anathokoza mwaulemu, nayika shawelo ija m'sutukesi, ndipo pa tsiku la ubatizo mwana anafundidwa ina. Ulusi wopeta ukamasulidwa umasiya timabowo pa nsalu, motero cilembo cimodzi cinaononga nchito yonse. Dzina ndi la banja limene linalipereka, ndipo wopanga mphatso ayenera kulilemba monga mmene eni ake amalilembera.

Cifukwa cake maina a ku Kafue ndi a zinenero zambiri

Tauni yathu ili pa msewu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndiponso pa njanji imene inaoloka mtsinje wa Kafue mu 1906. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 kunamangidwa mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, pamodzi ndi nyumba za anchito ku Kafue Estates. Anthu anabwera kudzafuna nchito kucokera ku Kum'mawa, ku Mwera, ku Migodi, ku Kumadzulo ndi ku Mpoto, napeza Asoli, Atonga ndi Agoba amene anali kale m'dera lino. Ana awo anakwatirana, ndipo adzukulu ndiwo tikuwabatiza lero. N'cifukwa cake m'kalasi imodzi ya Sande Sukulu mumakhala Luyando, Mapalo, Sepo ndi Dalitso, ndipo si zacilendo kuti mwana mmodzi akhale ndi dzina la Citonga locokera kwa atate ake ndi la Cinyanja locokera kwa amai ake.

Maina amenewa simudzawapeza pa makapu ndi timakiyi tobwera tolembedwa kale kucokera kunja. Opanga zinthu zotere amatsata maina ochuka a kwao. Ku United States dzina la Liam lakhala patsogolo pa anyamata kwa zaka zotsatizana kuyambira 2017, ndi la Olivia pa atsikana kuyambira 2019. Ku England ndi Wales, Noah anali patsogolo mu 2021 ndi 2022, ndipo Muhammad mu 2023. Kapu yolembedwa Nchimunya kapena Tiyamike ipangidwa ndi manja a kuno kwathu, apo ayi sidzakhalako.

Maina ochuka monga mwa matanthauzo awo

Tikayang'ana bwino, makolo a zinenero zosiyanasiyana akunena zinthu zocepa zomwezo. Tasanja mainawa potsata tanthauzo, kuti wopeta athe kusankha cithunzi kapena mau oyenera kuika pambali pa dzina.

Onena za mphatso: Mphatso m'Cinyanja, Bupe m'Cibemba, Chipo ndi Chipego m'Citonga, Limpo m'Cilozi, Chawanangwa m'Citumbuka, ndi Gift m'Cizungu.

Onena za cikondi: Chikondi m'Cinyanja, Luyando m'Citonga, Lilato m'Cilozi, Kutemwa m'Cibemba, Chitemwa ndi Temwani m'Citumbuka.

Onena za madalitso: Dalitso ndi Madalitso m'Cinyanja, Mapalo m'Cibemba, Chileleko m'Citonga, Vitumbiko m'Citumbuka, ndi Blessing kapena Blessings m'Cizungu.

Onena za kuyamika: Thokozani, Yamikani ndi Tiyamike m'Cinyanja, Taonga kapena Tawonga kwa Ansenga ndi Atumbuka, Twalumba m'Citonga, Natasha ndi Twatasha m'Cibemba. Dzina la Natasha lili ndi magwero awiri. M'Cibemba litanthauza kuti ndayamika, koma lilinso dzina la ku Russia locokera ku Natalia. Makolo ambiri amalikonda cifukwa limveka bwino ku mbali zonse ziwiri.

Onena za cisomo ndi cifundo: Chisomo ndi Chifundo m'Cinyanja, Luse m'Cibemba, Luzyalo m'Citonga, Lusungu ndi Wezi m'Citumbuka, Grace ndi Mercy m'Cizungu.

Onena za cimwemwe: Chimwemwe, Kondwani ndi Takondwa m'Cinyanja, Nsansa m'Cibemba, Tabo m'Cilozi, ndi Joy m'Cizungu.

Onena za ciyembekezo ndi cikhulupiriro: Chiyembekezo ndi Chikhulupiriro m'Cinyanja, Subilo m'Cibemba, Sepo ndi Tumelo m'Cilozi, Lushomo m'Citonga, Chigomezgo m'Citumbuka, Hope ndi Faith m'Cizungu.

Onena za mtendere ndi kuunika: Mtendere m'Cinyanja, Mutende m'Cibemba ndi Luumuno m'Citonga anena za mtendere, Lubuto m'Cibemba ndi Liseli m'Cilozi anena za kuunika.

Pali cinthu cimodzi cimene ogula wulu amaiwala. Maina ambiri mwa amenewa amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe. Chikondi, Mapalo, Luyando, Chisomo ndi Taonga akhoza kukhala mnyamata kapena mtsikana. Musasankhe mtundu wa wulu pongomva dzina. Funsani.

Maina a pa banja ndi a kabadwidwe

Si maina onse amene ali mau oyamika. Ena amafotokoza malo a mwana pakati pa abale ake. Kwa Atonga, Mutinta ndi mwana wobadwa mosiyana ndi amene anamtsogolera, monga mtsikana wobwera pambuyo pa anyamata. Nchimunya ndi mwana wofanana ndi amene anamtsogolera, mnyamata pambuyo pa mnyamata kapena mtsikana pambuyo pa mtsikana. Chimuka ndi wocedwa kubwera, ndipo Lweendo anena za ulendo. Kwa Abemba, Mpundu ndi dzina la pa mapasa, ndipo Chola ndi mwana wobadwa pambuyo pa mapasa.

Maina monga Mulenga, Bwalya, Chanda, Mwansa ndi Musonda amayenda m'mibadwo. Mwana amalandira dzina la ambuya ake kapena la wacibale wina amene anapita kale, ndipo dzina lomwelo likhoza kukhala loyamba kwa wina, la bambo kwa wina. Wolandira oda ayenera kufunsa kuti dzina la mwanayo ndi liti pa awiriwo, cifukwa Mulenga Chanda ndi Chanda Mulenga ndi anthu awiri osiyana.

Maina a m'Baibulo ndi a Cizungu

Pa anyamata timakumana kawirikawiri ndi Emmanuel, Joshua, Caleb, Nathan, Elijah, Daniel ndi David. Pa atsikana timakumana ndi Esther, Ruth, Naomi, Abigail, Hannah ndi Deborah. Enanso ndi Precious, Favour, Praise ndi Miracle, ndipo maina monga Ethan, Jayden ndi Liam akulowa m'mabanja a makolo acicepere. Nathaniel, Jonathan ndi Matthew onse ali ndi tanthauzo la kupatsa kwa Mulungu m'Cihebri, motero ndi abale a Mphatso ndi Bupe.

Apa pali msampha kwa ife ozolowera Buku Lopatulika. Ife timawerenga Yoswa, Kalebe, Rute ndi Estere, koma mwana analembetsedwa kuti Joshua, Caleb, Ruth kapena Esther. Agogo akhoza kumuitana mdzukulu kuti Yoswa moyo wake wonse, ndipo zimenezo n'zokoma, koma pa mphatso lembani cimene makolo asankha.

Maina amatsatanso anthu ochuka. Kuno ku Kafue aliyense adziwa Patson Daka, amene anasewera mu Kafue Celtic asanapite ku Red Bull Salzburg ku Austria, ndi ku Leicester City mu 2021. Osewera a Copper Queens atiphunzitsanso kanthu pa kalembedwe. Dzina la Barbra Banda lilibe a pakati pa b ndi r monga lilili la Barbara, ndipo Racheal Kundananji salemba Rachel kapena Rachael. Kholo limene linacha mwana dzina potsata mmodzi wa iwo lingafune kalembedwe komweko.

Maina a cisoni

Pakati pathu pali ana ndi akulu ochedwa Mabvuto, Misozi, Masauso, Tilyenji ndi Suzgo. Maina otere anali kuperekedwa pamene mwana wabadwa m'nthawi ya maliro, ya njala kapena ya mikangano pa banja, ndipo makolo ena anali kucha dzina losakoma ataferedwa ana otsatizana. M'mabuku a ubatizo a zaka zino timawaona mocepa kusiyana ndi kale, koma sanathe, makamaka pamene mwana walandira dzina la ambuya ake.

M'Malemba muli zofanana. Pa Genesis 35, Rakele ali pafupi kufa anacha mwana wake Benoni, dzina la cisoni, ndipo Yakobo analisintha kukhala Benjamini. Pa 1 Mbiri 4 timawerenga za Yabezi, amene amai ake anamucha dzina lokumbutsa zowawa za pobala. Amene anasintha dzina la Benoni anali atate wake, osati mnansi. Wopanga mphatso asadzipatse udindo wokonza dzina la mwana wa eni, kapena kulembapo Madalitso pamene anauzidwa Mabvuto. Ngati mwanayo ali ndi maina awiri, funsani makolo limene afuna lioneke, ndipo mulandire yankho lao.

Pamene zolakwa zimacitika kawirikawiri

Coyamba ndi C ndi Ch. M'sukulu za muno m'Zambia tinaphunzira kulemba cikondi ndi cisomo, monga tikulembera m'nkhani ino, pamene ku Malawi amalemba chikondi ndi chisomo. Koma pa maina a anthu, mabanja ambiri a kuno amalemba Chikondi, Chisomo ndi Chipo. Alipo ocepa olemba Cikondi. Musatsate lamulo la kusukulu, tsatani banja.

Caciwiri ndi cilembo ca h. Pali Thokozani ndi Tokozani, Thandiwe ndi Tandiwe, Thabo ndi Tabo, Mphatso ndi Mpatso. Onsewa alipo pa zikalata za anthu.

Cacitatu ndi zilembo zobwereza za Citonga: Choolwe ndi Cholwe, Lweendo ndi Lwendo, Twaambo ndi Twambo. Khutu la wolankhula Cinyanja silimva msanga kutalika kwa liwu, ndipo dzanja limalemba cimodzi.

Cacinai ndi kalembedwe kakale ndi katsopano, monga Mabvuto ndi Mavuto, Taonga ndi Tawonga, Lushomo ndi Lusyomo, Wezi ndi Wezzie. M'maina a m'Baibulo muli Emmanuel, Immanuel ndi Emanuel, komanso Hannah ndi Hanna.

Cacisanu ndi kacizindikiro ka pa ng', monga m'dzina la Ng'andu. M'mapaketi ambiri a mikanda ya zilembo mulibe kacizindikiro aka. Uzani wogula musanayambe, kuti asankhe yekha pakati pa cibangili copanda kacizindikiroko ndi mphatso ina yopeta kapena yosema.

Njira yopewera zonsezi ndi imodzi. Musalandire dzina pakamwa kapena pa foni yoyimba. Pemphani kuti kholo lilembe pa pepala kapena litumize uthenga wa WhatsApp, ndipo ngati n'kotheka lione pa kadi ya mwana ya ku kiliniki kapena pa cikalata ca kubadwa. Ngati wogula ndi azakhali kapena mnzake wa kunchito, iyenso afunse kwa makolo. Mukalemba pa nsalu ndi pensulo kapena coko, jambulani ndi kutumiza kuti avomereze singano isanalowe.

Nthawi yoyenera kulemba dzina

Mwambo wa baby shower wafika m'mabanja ambiri a m'tauni, ndipo ena amafuna kubwera ndi mphatso yolembedwa kale dzina mwana asanabadwe. Tikupempha kusamala. Kwa Acewa, mai ndi khanda amakhala m'cikuta mpaka mcombo utagwa, ndipo dzina limaperekedwa pambuyo pake. Kwa Abemba namonso dzina loyamba limadikira kugwa kwa mcombo. M'mabanja ambiri opereka dzina si atate ndi amai okha, koma ambuya, azakhali kapena amalume ali ndi mau. Bulangeti yofika ndi dzina akulu asanalankhule ikhoza kuoneka ngati yawalanda udindo.

Nkhani ya pa Luka 1 ionetsa kuti kukangana pa dzina si kwa lero. Acibale anafuna kuti mwana wa Elizabeti achedwe Zakariya monga atate wake, amai ake anakana, ndipo nkhani inatha pamene Zakariya analemba dzina la Yohane pa colembapo. Dzina linalembedwa ndi mwini mwana, pa tsiku lacisanu ndi citatu.

Palinso cifukwa cina cimene amai onse acidziwa. Si mimba iliyonse imene imatha ndi cimwemwe, ndipo kansalu kolembedwa dzina kamasanduka colasa mtima m'nyumba ya maliro. Lukani bulangeti, siyani malo, ndipo mudzapete dzina mwana atabadwa ndi kuchedwa.

Kuyeza dzina pa cinthu

Werengani zilembo musanachule mtengo. Bupe ndi Sepo ali ndi zilembo 4, Chipo 5, Luyando 7, Madalitso, Thokozani ndi Nchimunya 9, Chawanangwa 11, Chiyembekezo 12, ndipo Chikhulupiriro 14. Dzina la zilembo 4 likwana pa kacisote ka khanda, koma la zilembo 12 lifuna tawulo, bulangeti kapena thabwa. Ambiri amafupikitsa kuti Thoko, Chiko, Mada kapena Tasha. Zimenezi zili bwino ngati banja limaitana mwanayo motero, koma musafupikitse nokha cifukwa malo acepa.

Kuti dzina likhale pakati, pindani nsalu mupeze pakati pake, ndipo muyambe ndi cilembo ca pakati. Pa Luyando muyamba ndi a, kenako zilembo zitatu kumanzere ndi zitatu kumanja. Pa citenge ca maluwa ambiri zilembo zimasowa, motero petani pa kansalu ka mtundu umodzi ndi kukasokerera pamwamba. Njira iyi ithandizanso mukalakwa, cifukwa mungocotsa kansaluko. Yesani ulusi wofiira kapena wabuluu m'madzi musanaugwiritse pa nsalu yoyera, pakuti wina umasuluka pocapa. Ogula mikanda ya zilembo adziwe kuti maina athu amadya cilembo ca a msanga. Chawanangwa yekha afuna anai. Osema kapena kuocha zilembo pa thabwa akumbukire kuti pamenepo palibe kufufuta.

Citetezo ca mwana

Mikanda ing'onoing'ono ndi mabatani siziyenera kwa mwana wosakwana zaka 3, cifukwa ulusi ukaduka amaika m'kamwa ndipo akhoza kutsamwa. Cingwe ca m'khosi nco coopsa kwa khanda pogona. Kwa makanda, dzina lopeta pa nsalu ndilo labwino. Dziwaninso kuti m'mabanja ena kamkanda ka pa dzanja kapena m'ciuno mwa khanda kamaoneka ngati cithumwa, ndipo mphatso yoperekedwa ndi mtima wabwino ikhoza kubutsa mafunso. Funsani makolo poyamba.

Pa cikwama ca kusukulu, dzina lalikulu looneka patali limapatsa mlendo mwai woitana mwana ngati amdziwa, ndipo mwana womva dzina lake amakhulupirira msanga. Ana athu ambiri amayenda okha kupita kusukulu, ena m'mbali mwa msewu waukulu wodutsa magalimoto a kutali. Ikani dzina mkati mwa cikwama, ndipo kunja kukhale cilembo coyamba cabe kapena cithunzi. Opanga mphatso amene amaonetsa nchito yao pa Facebook asaike pamodzi dzina lonse la mwana, nkhope yake ndi sukulu yake, ndipo apemphe cilolezo kwa makolo asanaike ciliconse.

Pomaliza, tikumbutsa ogula kuti cinthu colembedwa dzina sicingagulitsidwe kwa wina. Mai wopeta akapempha ndalama ya ciyambi asanagule wulu, sakukayikirani, akungoteteza nchito yake. Ndipo ngati dzina mwalitumiza molakwa ndinu, musamsenzetse mtengo wake.

Pa Macitidwe 9, Dorika atamwalira, amasiye anaonetsa Petro malaya ndi zovala zimene iye anawasokera. Nchito ya manja imasungidwa zaka zambiri, ndipo shawelo ya ubatizo imafundanso mng'ono ndi mdzukulu. Ngati m'banja mwanu muli dzina limene silinalowe m'ndandanda uno, lembani dzinalo, cinenero cake ndi tanthauzo lake, mupereke kwa mlembi wa mpingo wanu, kuti tidzaliwonjezere.

Ambuye akudalitseni pamodzi ndi ana anu.